Nthunzi Pabwalo la ku Mufakose

Okondedwa achimwene a Lameki,

Ndikhulupirira muli bwino ku Dedzako pamodzi ndi alamu ndi ana. Kodi mwendo uja unasiya kutupa? Ife kuno ku Mufakose, mumzinda wa Harare, Mulungu akutisunga. Amayi nawo ali bwinoko, koma nkhani yawo ndi imene yandigwiritsa cholembera.

Paja ine ndi amuna anga, bambo a Primrose, tinayamba kulima bowa kuseri kwa nyumba. Makoko a thonje omeretsera bowayo amafunika kuwaphika ndi nthunzi, ndiye iwo anawotcherera thanki yotseka bwino. Thanki yotere ikasowa potulukira nthunzi imaphulika n'kupha munthu, choncho tinakwera kombi kupita ku Msasa, dera la mafakitale, kukafuna chotetezera.

Mayi wogulitsa, a Augusta, anatiyalira zinthu ziwiri. Choyamba chinali disiki, kachitsulo kopyapyala ngati chivindikiro cha chitini. Anati n'kotchipa, koma nthunzi ikachuluka kamang'ambika, yonse n'kuthawa, ntchito n'kuima mpaka mutagula kena. Chachiwiri chinali valavu ya sipuling'i, yomwe imatseguka n'kudzitsekanso yokha. Mtengo wake unatiumitsa pakamwa, komanso anati imafunika kukaiyezetsa nthawi ndi nthawi. Ine mtima unali pa valavu. Alamu anu anati tiyambe ndi disiki, ndalama ya valavu tizisunga pang'onopang'ono.

Loweruka m'mawa moto unakula, disiki ija n'kung'ambika. Nkhuku zonse zinathawira kwa aneba. Palibe anapsa, poti paipi yotulutsira nthunzi inaloza kumwamba. Koma kunja kunali kozizira, ndipo nthunzi inatsika n'kukuta bwalo lonse kuti mbee! Mpanda osaoneka, waya woyanika zovala osaoneka.

Amayi, amene masiku ano sayankhulayankhula, anadzuka pampando opanda ndodo n'kulowa m'katimo atatambasula manja. Ankaseka ngati mtsikana. Anati iyi ndi nkhungu ya kuphiri la kwawo, ndipo akumva fungo la kachewere wokumba kumene ndi utsi wa m'khitchini mwa agogo athu. Anayamba kuitana anzawo amene ankapita nawo kotunga madzi, mayina oti chibadwire sindinawamvepo. Nthunzi itabalalika anayang'ana makoma a aneba nthawi yaitali, kenako anandifunsa motsitsa mawu ngati basi ya kumudzi imayendabe.

Chiyambire tsikulo amakhala atavaliratu nsapato.

Achimwene, ya valavu ija inatsala pang'ono kukwana. Ndikudziwa kuti disiki ikamang'ambika kawirikawiri idzatidyera zambiri kuposa valavu, ndipo ntchito ya sabata ino yapita kale padera. Komabe dzulo tinagula disiki ina. Moto tiziuyang'anira mosinthana, ndipo ndalama yotsalayo tiwalipirire amayi ulendo wakumudzi. Anayambitsa maganizowa ndi mkamwini wawo yemweyo. Ine ndinangolira.

Pempho langa ndi ili. Mudzatichingamire pa boda mwezi wamawa, mapepala awo akangotuluka. Mufunsenso kumudziko ngati a Namaseko ndi a Nangozo, ena mwa anzawo ankawaitana aja, akadali moyo. Mukawapeza, muwauze kuti mnzawo Eneresi, amene anapita ku Rhodesia ndi mwamuna akadali kamtsikana, akubwera kudzawaona.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa ana ndi kwa azakhali. Ambuye akusungeni mpaka maso athu adzaonane.

Ndine mlongo wanu,
Melina