Ngongole ya Amalume

14 Meyi

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kuti diso lija likuona bwino tsopano, ndiponso kuti mukuthira mankhwala monga anakuuzirani adokotala. Kuno tili bwino. Ntchito yosoka yachuluka. Sukulu ina yandipatsa mayunifolomu makumi asanu, moti msana ukuwawa koma mtima uli m'malo.

Ndalemba kuti nkhaniyi muimve kwa ine, chifukwa ikadzera pakamwa pa azakhali idzafika itamera nyanga. Lachiwiri lapitali ndinaima m'khoti ndi alongo anu, amalume.

Muyambe mwakhala pansi, Amayi. Ndalama za opaleshoni yanu chaka chatha sizinali zosunga ayi, ndinakunamizani. Ndinakongola kwa amalume 200 sauzande. Atandiwerengera ndalamazo anatulutsa pepala. "Chibale n'chibale, katapira n'katapira," anatero. "Mwezi uliwonse uziwonjezera theka." Ndinasaina osafunsa zambiri, poti maganizo anga onse anali kuchipatala.

Kwa miyezi khumi ndi itatu ndakhala ndikupereka 40 sauzande mwezi ndi mwezi. Koma ngongoleyo m'malo mochepa inkangonenepa. Mwezi wathawu anandiuza kuti kwatsala 900 sauzande. Nditakana, anabwera kushopu ndi amuna awiri kudzanyamula makina anga. Ndinakumbatira makinawo, ndati, "Munyamule ndi ine ndemwe." Anachita manyazi ndi makasitomala, nabwerera. Patatha masiku atatu ndinalandira chisamani.

Tsiku la mlandu litafika, ndinalowa m'khoti. Ndi kachipinda kakang'ono ka milandu ing'onoing'ono, mabenchi anayi ndi fani yosazungulira. Ndinakhala pafupi ndi mphunzitsi wina amene khadi yake ya kubanki ili m'thumba mwa womukongoza chaka chonse. Apo ndinadziwa kuti chitsiru si ine ndekha, ndipo mtima unayamba kulimba.

Woweruza anali mayi wa magalasi, wosakweza mawu. Anafunsa amalume kuti, "Bambo, munakongoza zingati?"

"200 sauzande, bwana."

"Nanga mwalandirapo zingati?"

"Aa, pang'onopang'ono chabe. Sindikumbukira bwino."

Ndinakweza dzanja ngati mwana wa sukulu. Paja nthawi zonse akabwera kudzatenga ndalama ndinkawasainitsa m'kabuku kanga ka miyezo ya makasitomala, poti ndi pepala lokhalo limakhala pafupi. Kalaliki analandira kabukuko nayamba kuwerenga mokweza: "Chiuno 44, chifuwa..." Khoti lonse linafa nacho chiseko, woweruza yemwe anabisa pakamwa. Koma atafika pa masiginecha khumi ndi atatu a amalume, chiseko chinathera pomwepo. Zonse zinakwana 520 sauzande.

Amalume anaimirira akugwedeza pepala lawo. "Koma anasaina yekha, bwana! Sindinamugwire dzanja!"

"Ndaona kuti anasaina," anayankha woweruza. "Koma khoti lino siliyang'ana siginecha yokha, limayang'ananso chiwongoladzanja ngati chili choyenera. Ichi si chiwongoladzanja, uku n'kusenda munthu wamoyo."

Anawerengera pamakina ake, nagamula kuti ngongole inatha kalekale, kuti makina anga amalume asawakhudze, ndiponso kuti pa zimene ndinapereka mopitirira andibwezere 240 sauzande pasanathe miyezi itatu. Amayi, ndinatuluka ndikuyenda ngati mwini msewu.

Panja amalume anandiimitsa. "Mwana wa mlongo wanga, wandivula pagulu."

"Amalume," ndinatero, "chisamani munakatenga ndinu. Ine ndangobwera poitanidwa."

Anavala chipewa chawo n'kumapita, ndipo ndinaona kuti akutsimphina mwendo wamanzere. Akalamba, Amayi. Chimenechi chokha ndicho chinandibaya, koma sindinawathamangire, ndipo sindikudandaula kuti ndinalankhula. Ndalamazo ndidzalandira, ndi thukuta langa. Ndikufuna kugula makina achiwiri ndi kulemba ntchito mayi wina amene amandithandiza kusoka mabatani.

Ndamva kuti amalume akwera basi Loweruka kubwera kwanuko kudzandineneza. Adzanena kuti ndine mwana wamwano, wosayamika. Asiyeni alankhule mpaka malovu aume. Pa zonse adzanenazo choona n'chimodzi: tsiku limene ndinasowa kolowera, iwo ndi amene anatsegula chitseko. Chimenechi sindikana, ndipo ndinalipira kale.

Mupereke moni kwa azakhali, muwauze kuti diresi lawo ndatsala kupinda m'munsi. Moni kwa achimwene ndi alamu, ndi ana onse. Amalume akafika muwalandire bwino, muwakonzere madzi osamba, muwafunse za mwendowo. Pa ana a agogo mwatsala awiri okha, ndipo sindifuna kuti mudane chifukwa cha ine. Koma chinthu chimodzi ndikupempha, Amayi: musawapepese m'malo mwanga.

Ndine mwana wanu wokukondani,

Telala wanu