Nyale ya Agnesi yapsa pa mbaula

Lachitatu, ku Ulongwe. Lero ndakwiya, ngakhale kudya sindinadye.

Ana anga ndi atatu. Yohane ndi mphunzitsi ku Balaka. Marita ndi telala pamsika pano. Agnesi ali ku yunivesite kunja, akupanga nyale zatsopano ndi anzake.

Atabwera kutchuthi anandisiyira imodzi. Ndi yopyapyala ngati pepala la pulasitiki, imapindika pachala osathyoka, ndipo ukailumikiza ku batire imawala mbee. Akuti m'kati mwake muli timawaya toti diso silingaone.

M'mawa uno akamwini anga, amuna a Marita, aipeza pawindo n'kukolezera makala pa mbaula. Nditawafunsa ati, "Amayi, ikakhala yozima imangooneka ngati jumbo ya shuga." Kupepesa osapepesa.

Ine ndimaisungira achimwene anga, amene ankati kuphunzitsa mtsikana n'kutaya chimanga. Tsopano ndiwaonetsa chiyani? Adzati ndikungodzitama. Agnesi sindinamuuze, ndikusowa poyambira.

Banja lonse likumana pano Loweruka likudzali. Akamwiniwo adzaimirire pamaso pa achimwene, anene ndi pakamwa pawo kuti anaiona ikuwala asanaiotche.