Waya M'malo mwa Fyuzi

Achimwene,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Bondo lija likukuvutanibe? Kuno m'thupi tili bwino. Mwana wayamba kuyenda mogwira mipando, ndipo aliyense akuti liuma watengera ine.

Mauthenga anu ndakhala ndikungoyankha kuti zonse zili bwino. Lero ndatenga pepala, chifukwa pa foni ndikanayamba kulira musanamve n'komwe mutu wa nkhani.

Mukudziwa kuti chikwatiwire ndimagwira ntchito pa kampani ya apongozi anga aamuna, yoika ndi kukonza magiza a gasi, aja otenthetsa madzi osamba. Tikukhalanso pakhomo pawo, m'chipinda cha kuseri kwa shopu, ndipo zenera lathu limayang'ana pa mulu wa magiza akufa. Ndikadzuka ndi apongozi, kuntchito ndi apongozi, patebulo ndi apongozi.

Inu munandiphunzitsira zamagetsi pa mawayilesi, ndiye ndifotokoze pang'ono. M'kati mwa giza muli kabolodi kamagetsi kokwana pachikhatho. Ndiko kamayatsa moto, kuyendetsa fani yotulutsa utsi, ndi kutseka gasi madzi akatentha mokwanira. Magetsi asanafike pa kabolodiko amadutsa pa fyuzi yagalasi, yaing'ono kuposa chala cha mwana. Akachuluka, fyuziyo imaduka kuti bolodi ipulumuke.

Chaka chatha tinaika magiza makumi anayi m'nyumba zosanjikizana za alendi. Patangotha miyezi itatu mafyuzi anayamba kuduka, lero khomo ili, mawa ilo. Nditatsegula angapo ndinapeza kuti chinyezi chikulowa mu fani, fani ikulimba, n'kumakoka magetsi ambiri. Ndinawauza apongozi kuti fyuzi siikulakwa, tisinthe mafani.

Anandiyankha kuti iwo anayamba ntchitoyi ine ndisanamere mano, ndiponso mwini nyumbazo watopa ndi madandaulo a madzi ozizira. Anatenga kawaya ka kopa n'kukakulunga pamalo a fyuzi ine ndikuona, n'kunena kuti ndikachite chimodzimodzi m'magiza onse.

Achimwene, ndinachita. Onse makumi anayi, ndi manja angawa. Ndinkadziwa bwino lomwe kuti waya saduka. Ndinadziuza kuti ndi za masabata awiri basi, mafani atsopano abwera. Sanaitanitsidwe n'komwe.

Lachiwiri la sabata yatha m'mawa kunabwera foni kuchokera kwa mayi wina wa pansanjika yachitatu, telala. Fani ya giza yake inaima, bolodi inapsa, ndipo kaswichi kotseka gasi kanamatirira. Moto sunazime. Madzi anatuluka owira iye akusambitsa amayi ake okalamba, amene sayenda. Anawakoka msanga, komabe anapsa phewa ndi msana, iyenso n'kupsa dzanja lamanja, lomwe amagwirira sizasi.

Apongozi anatuma ine kukaona. M'bafa munkanunkha pulasitiki wopserera. Nditachotsa chivundikiro, zonse zinali makala, koma waya wanga anali pomwepo, akunyezimira. Telalayo, dzanja lili mu bandeji, anandikokera mpando ndi mwendo n'kundifunsa ngati iye analakwitsa penapake potsegula mpopi. Ndinati ndikayeza kaye ku shopu. Ndinatenga bolodi yopsayo n'kutsika masitepe.

Tsopano a ofesi yoona za chitetezo akufuna lipoti Lolemba likudzali. Apongozi alemba kale kuti alendiwo anatsegula giza okha n'kuikamo waya. Pa kampani yonse satifiketi ya zamagetsi ndili nayo ndine ndekha, choncho wosaina ndi ine. Akuti ndikasaina nkhani yatha. Ndikakana kampani itsekedwa, anthu asanu ndi mmodzi akhala pakhomo, ndipo woyamba kufunsidwa ndi amene anakulunga wayayo. Pamenepo sakunama.

Ndinafunsa bambo a mwana kuti nditani. Anakhala pa bedi n'kumamasula ndi kumanganso zingwe za nsapato. Pomaliza anati bambo ake ndi bambo ake, ndipo munthu saotcha nyumba imene akugonamo. Apongozi aakazi asiya kundilankhula. Nthawi ya chakudya amangoika pepala la lipotilo pambali pa mbale yanga, cholembera pamwamba.

Chimene chinkandidya kwambiri ndi magiza ena aja. Kwa masiku atatu ndinkazemba masana n'kumakachotsa mawaya, kuikamo mafyuzi. Adzadukanso, koma bola madzi ozizira. Ndinamaliza makumi awiri ndi asanu ndi awiri. Kenako apongozi anamva, anandilanda makiyi a galimoto, n'kuuza mlonda wa pageti la nyumba za alendizo kuti asandilowetse ndili ndekha. Anatsala khumi ndi awiri, ena m'nyumba za ana aang'ono. Ndinamuchonderera mlondayo, koma anati iyenso ali ndi pakamwa podyetsa.

Dzulo ndinanama kuti ndikupita ndi mwana kusikelo. Ndinakaima panja pa getilo mpaka telala uja atatulukira, akuchokera kuchipatala kumene agonekedwa amayi ake. Ndinamuuza zonse, kuti sanalakwitse kalikonse, kuti waya uja ndinaika ndine.

Ndinkayembekeza kuti andimenya pama. Anandiyang'ana, kenako anayang'ana mwana kumsana kwanga. Anangofunsa kuti makomo otsalawo ndi ati. Ndinamulembera manambala pachikuto cha buku la sikelo, iye n'kung'amba, n'kulowa. Ndili pageti ndinkamuona akukwera masitepe, akugogoda ndi dzanja lamanzere khomo ndi khomo, kuuza anthu kuti atseke gasi. Sanatembenuke, ndipo sanandikhululukire. Sindinamupemphenso kutero.

Sindisaina, achimwene. Bolodi yopsayo ndaibisa pansi pa matewera, ndipo Lolemba ndikaipereka ndekha ku ofesi ya zachitetezo ija. Satifiketi mwina andilanda, mwina ndikagona m'chitolokosi. Chomwe ndikudziwa n'chakuti ndikachoka ku ofesiyo, pakhomo pano sipadzakhalanso panga, ndipo bambo a mwana sindikudziwa kuti adzaima mbali iti.

Ndiye ndikupempha ziwiri. Mundisungire kachipinda kaja mumaikamo mawayilesi, ngakhale pansi ndigona. Chachiwiri, mukwere basi ya Lamlungu. Simukanena kanthu, mukangokhala pa benchi panja pa ofesiyo, kuti ndikamatuluka ndikapeze wakwathu. Ngati sindituluka, mukanyamule mwana.

Amayi musawauze kaye, mtima wawo mukuudziwa. Mundiperekere moni kwa alamu, kwa ana onse, ndi kwa azakhali. Mulungu akusungeni ndipo akuyendetseni bwino panjira.

Ine mlongo wanu wamng'ono,
amene munamugwiritsa pulayala koyamba.