Dzina la Amama NyaZimba Mulibe

Lachisanu, mwezi wa Ogasiti. Tsiku landilemela.

Nyuzipepala ya ku boma yafika. Ndayang'ana tsamba lililonse: feteleza, mpila, ukwati wa mwana wa khansala. Za gulu lathu lovina chimtali mulibe ngakhale mzele umodzi.

Mwina tinalakwa tokha. Mtolankhani wa nyuzipepalayo atafika kwathu ku Chikomeni kudzaona gule wathu, tinamukhazika pampando, aliyense n'kumupatsa moni, kenaka tinamuphela nkhuku. Pomwe ng'oma inkayamba, minibasi yake yobwelela inali ikuliza kale hutala.

Amama NyaZimba, amene anatiphunzitsa nyimbo zonse, sadziwa kuwelenga. Andipeza pachitsime masana.

"Mwana wanga, undiwelengele pomwe alemba dzina langa."

Ndawanamiza kuti pepalalo silinafike. Akuti mawa abwela kunyumba kudzalidikila, atavala chitenje chovinila. Ndiye ine ndidzati chiyani?