Thumba la Mchere ndi Mtengo wa Ukwati wa Makolo Anga

Aphungu,

Ndikulemba mutu utaima. Pakhonde pathu pali chithumba cha mchere, ndipo achimwene anga a Lubor alumbira kuti sinowo woyamba akangogwa, athira wonsewo mumsewu mwathu. Ine ndikukana. Takangana mpaka alamu anga asiya kundiyankha foni.

Nkhani yake ndi mtengo. Kwathu kuno anthu akamangitsa ukwati amadzala mtengo wa lipa, umene maluwa ake timapangira tiyi, m'mbali mwa msewu wokwera kutchalitchi. Wa makolo anga uli kumtunda pang'ono kwa geti lathu. Bambo, a Vendelin, anakumba dzenje lake atavala suti ya ukwati, ndipo malemu amayi ankawaseka nazo moyo wawo wonse.

Zaka zonsezi galimoto ya khonsolo inkamwaza mchere mumsewu nyengo yozizira kuti sinowo ndi ayezi zisungunuke, ife n'kumasangalala kuti phula likuoneka. Sinowo akasungunuka, madzi amcherewo ankalowa kumizu. Pofika Julayi, m'nyengo yathu yotentha, masamba ankakhala atapsa m'mphepete ngati wina wawawaula. Mtengo wathu unauma mbali yonse, a khonsolo n'kuupaka penti yofiira kuti udulidwe. Kenaka khonsolo yomweyo inasintha maganizo: mumsewu wa mitengo mchere ayi, koma mchenga ndi timiyala, ndipo mitengo yopakidwa penti ija isadulidwe kaye. Ine ndinaseka. Ndinati chouma n'chouma basi.

Aphungu, zimene ndinaona mu Juni chaka chino sindikudziwa ndizifotokoze bwanji. Ndinatuluka m'mawa kukataya zinyalala, ndinangomva mkokomo kumwamba ngati limba la kutchalitchi. Kukweza maso, njuchi! Mtengo wathu uja, penti yofiira ikadali pathunthu, unali utachita maluwa mpaka kunthambi zimene tinkati ndi nkhuni. Fungo lake linadzaza msewu wonse. Ndinaima pomwepo ndowa ili m'manja, thupi lonse tsemwe, ndipo ndinalira, mzimayi wamkulu ngati ine. Sindinadziwe kuti chinthu chingadzuke chonchi pongosiya kuchizunza. Anansi anabwera ndi makwerero kudzathyola maluwa a tiyi, aliyense akulankhula motsitsa mawu ngati ali m'tchalitchi.

Koma izi zisanachitike, mu Januwale, bambo anagwa. Ndi okalamba ndithu. Anaterereka pa ayezi patsinde pa mtengo womwewo m'mawa, ndipo anawadzutsa ndi bambo wonyamula makalata. Fupa silinathyoke, koma dokotala anatiuza mosabisa kuti akadzagwanso mwina sadzayendanso. Wonyamula makalata uja anawapeza ali ndi katsache ka amayi m'manja. Nditawafunsa anangoti, "Ndimawongola miyendo." Kuwongola miyendo ndi tsache? Ndinayamba kuopa kuti mwina mutu wayamba kusokonekera.

A Lubor atabwera ndi thumba lawo anandiuza kuti, "Iwe Bozka, ukufuna tisunge mtengo, tikwirire bambo? Tiyi wa maluwayo uzikawapatsira kumanda? Ndithira kuyambira kutchalitchi mpaka kugolosale, a khonsolo akafuna adzandimange!"

Nane sindinagonje. Ndinati, "Inu achimwene, chaka chonse osaoneka, fosholo simudziwa n'pogwirira pomwe, lero mwasanduka katswiri wa misewu?"

Bambo anatimvetsera mpaka titatopa, kenaka anati, "Kugolosale ndinasiya kalekale, buledi amandigulira Bozka. Kutchalitchi amanditenga pagalimoto a Gejza oyandikana nawowa. Mukulimbanirana chiyani?" Atatero anatembenukira kuwindo.

Novembala wafika, Aphungu, sinowo ali pafupi. Ndikalola mchere, ndipha chodabwitsa chimene ndaona ndi maso anga. Ndikakana bambo n'kugwa, ndidzayang'anana nawo bwanji achimwene? Ndithandizeni.

B. H., Brezovany

*

Okondedwa B. H.,

Poyamba ndinene kuti ndakusilirani. Ambirife timangomva kuti khonsolo yachepetsa mchere, n'kumadandaula za matope a pansapato. Inu mwaima pansi pa mtengo umene unaweruzidwa kuti wafa, njuchi zikuimba pamutu panu. Misozi yanuyo inali m'malo mwake.

Koma a Lubor musawasandutse mdani. Munthu sanyamula thumba lolemera chotero chifukwa chodana ndi mitengo. Ali ndi mantha, ndipo mantha awo ndi oona. Mawu aja a fosholo anali owawa, mukudziwa nokha. Aimbireni, mupepese, kenaka muwapatse fosholo yeniyeniyo.

Tsopano werenganinso kalata yanu, chifukwa yankho mwalilemba nokha. Bambo anu sapita kugolosale. Kutchalitchi amapita pagalimoto. Nanga m'mawa wozizira chonchija ankatani kumtunda kwa geti, katsache ka mkazi wawo kali m'manja? Mutu wawo uli bwinobwino, mayi. Amapita kukasesa sinowo pamtengo wa ukwati wawo. Inu awiri mukukanganira msewu wonse, pamene ulendo wawo ndi wochoka pageti kufika patsinde paja basi.

Ndiye konzani kanjira kameneko. Sinowo achotsedwe ndi fosholo atangogwa, anthu asanamuponde, chifukwa wopondedwa ndiye amasanduka ayezi. Mukachotsa, mwazani mchenga kapena timiyala, osaumira. Agulireni bambo zoveka kunsapato zokhala ndi timano tachitsulo zija, komanso ndodo yosongoka kunsi. Akakana kuti n'zonyazitsa, valani zanu inunso, aone kuti sali okha.

Kenaka pitani kukhonsolo, ndipo mupite ndi a Lubor, popeza mawu ali nawo. Ayamikireni za mitengo, koma muwauze kuti amene wachotsa mchere ali ndi udindo woikapo china. Pemphani bokosi la mchenga pafupi ndi geti lanu, chitsulo chogwirira pamtunda paja, ndiponso kuti msewu wanu uzikonzedwa m'mamawa, poti mukukhala okalamba. Tengani anansi aja anabwera ndi makwerero. Amene anamwa tiyi wa mtengowo asathawe ntchito yake.

Nanga thumba lija? Tapani pang'ono wa pamasitepe a nyumba, wa tsiku loti ayezi wakanika fosholo. Wongowaza ngati pandiwo ndi wokwanira, ndipo wotsala pansi muzisesa, usapite ndi madzi. Wina wonsewo ubwezedwe kumene unagulidwa. Mchere wopitirira muyezo susungunula ayezi kuposa wokwanira. Umangokathera m'mizu, m'ngalande ndi m'zitsime za anthu akumunsi.

Chenjezo langa ndi ili. Palibe mchenga kapena mchere umene ungalonjeze kuti munthu wokalamba sadzagwa. Tsiku la mvula youndana, pamene ngakhale galu akuterereka, bambo asatuluke okha. Mupite nawo mutawagwira mkono, kapena mukasese inu iwo akuonerera pawindo. Koma musayerekeze kuwatsekera m'nyumba nyengo yonse poti mukuwateteza, chifukwa kumeneko n'kuwapha kwina.

Ndipo a Lubor akayambanso kukuwa, akumbutseni ichi. Mu Januwale muja kunalibe maluwa, kunalibe njuchi. Mtengowo unali ndi penti yofiira, khonsolo ikukayika, inuyo mukuti chouma n'chouma. Munthu mmodzi yekha ndiye ankadzuka m'mawa kukausesera. Mwa nonsenu, iwo okha ndi amene sanadabwe mu Juni. Akonzereni njira, azikafika.

Phungu wanu