Msana wa Bambo m'Chifunga

Ku komboni ya tiyi, Chipinge
Meyi 1994

Wokondedwa mlongo wanga Enoki,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupeza uli wamphamvu kumeneko ku Harare. Kaya chifuwa chimene unachoka nacho kuno chinakusiya? Ife tilipo, Mulungu akutisunga. Ana ali bwino, bambo awonso ali bwino. Amayi ayambanso kudya pang'ono, ngakhale chimwalirireni Bambo mu Malichi muja mawu awo ndi owerengeka. Kuzizira kwayamba msanga chaka chino. M'mawa uliwonse chifunga chimatsika kuchokera kunkhalango ya Chirinda n'kukwirira minda yonse, moti timathyola tiyi tikungomvana mawu.

Kaseti ija tinailandira. Onias, woyendetsa lole ya tiyi uja, anabwera nayo yekha pakhomo, ndipo anatiuza zonse zimene unamutuma. Akuti filimuyo sudzaimaliza. Akuti sukulu yojambula mafilimu ukuisiya, ubwerera kuno kudzalowa ntchito kufakitale kuti uzisamala Amayi. Akutinso unalira pomupatsa, ukunena kuti unakhala ndi kamera tchuthi chonse cha Khirisimasi koma nkhope ya Bambo sunaijambule, unangojambula msana wawo, ndiye lero apita.

Enoki, usanamange katundu, imva kaye zimene ife taona.

Kasetiyo inakhala masiku angapo pamwamba pa kabati. Amayi ankaipukuta fumbi, koma nkhani yake sankafuna kuimva. Lamlungu lapitali titaweruka kutchalitchi anangoti, "Luisa, tenga chinthu cha mwana uja, tikaone."

Tinapita kuholo ya antchito, kumene kuli vidiyo yoonetsera mafilimu a karate. A Kalebe, mnzawo wa Bambo amene ankathyola nawo moyandikana, anatiperekeza. Mai Sekai a nyumba yoyandikana nafe anabweranso, ndi ena ochepa amene anangotiona tikulowa. Dzuwa linali likadali pamwamba, ndiye tinatchinga mazenera ndi mabulangete.

Poyamba sitinaone kanthu, kuyera kokhakokha. A Kalebe anadzuka kuti akagogode bokosilo, akuti lafa. Kenako kuyerako kunayamba kuyenda pang'onopang'ono, ndipo tinazindikira kuti ndi chifunga. Nsonga za tiyi zinatuluka ngati zikuyandama pamadzi. Ndiyeno Bambo analowa kuchokera kumanzere, dengu kumsana, jombo zikulira m'udzu wonyowa.

Mlongo wanga, holo ija inandichokera m'maso. Ndinamva kuzizira kwa m'mawa pamasaya. Ndinamva fungo la masamba onyowa, pamene kunja kunali dzuwa.

Ukukumbukira zimene unandiuza tsiku lina tikuchapa kumpopi? Unati poonera filimu ndisamangothamangira nkhani, ndizidzifunsa kuti kodi wojambulayo waima pati, nanga waimiranji pamenepo. Ndinakuseka, ndinati za kusukulu zakuzunguza mutu. Koma muholo muja funsolo linandibwerera lokha.

Unali pakhomo pathu, Enoki, ndipo unali utagwada. Kamera inali m'munsi, pamsinkhu wa mwana, n'chifukwa chake Bambo akuoneka aatali kuposa mmene analili. Sunawatsatire. Unawasiya azipita, azichepa, mpaka dengu linatsala kadontho, kenako chifunga chinatseka. Atasowa sunazimitse msanga. Unatisiya tikuyang'ana poyera paja nthawi yaitali, monga tinkachitira tili ana, titakhala pakhonde m'bulangete limodzi, kudikira ngati angatulukirenso.

Kaya unachita dala, kaya manja ako anangokumbukira okha, ine sindidziwa. Aphunzitsi ako ndi amene ali ndi mayina a zinthu zimenezi. Ine ndikungokuuza kuti Bambo amene ndimawadziwa ndi amenewo. Ankachoka tisanasukusule, ankabwera dzuwa litapendeka, atatopa. Nkhope yawo tinkaiona bwino Lamlungu. Masiku ena onse tinaleredwa ndi msana uja.

Anthu ena aliyense anaona zake. A Kalebe anadandaula kuti filimu yanji yopanda womenya mnzake, munthu kungoyenda basi. Mai Sekai anati chifungacho ndi kumwamba, mwanayu anaoneratu ulendo wa bambo ake. A Kalebe anakana, anati chifunga ndi chifunga, chimanyowetsa malaya ndi kubweretsa chimfine, iwo akalambira m'menemo ndipo sanakumanemo ndi mngelo. Anakangana pang'ono, uku chiNdau uku chiNyanja. Koma utaonetsa manja a Bambo pafupi, zala zikuthyola masamba awiri ndi kansonga kake, a Kalebe anausiya mkanganowo. Ndinaona zala zawo zikuyenda pabondo, zikuthyola nawo.

Amayi anaonera mpaka kumapeto. Anangopempha woyang'anira holo kuti aibweze poyambira, ndipo akweze mawu. Pamenepo m'pamene tinamva chimene chinatidutsa ulendo woyamba. Bambo ali pakati pa mizere, kumbuyo kwa kamera kukumveka liwu la munthu wamkazi, laling'ono ngati likuchokera kutsidya kwa mtsinje: "Bambo a Luisa! Chipewa!" Ndipo Bambo osatembenuka. Akungokweza dzanja lamanja m'mwamba, n'kumapitirira.

Amayi anaseka. Enoki, anaseka mpaka kugwira m'nthiti, koyamba chiikireni maliro. Anati, "Chikwatiwireni ndi munthu uyu, kuyambira kwathu ku Angonia, sanatembenukepo ndikamuitana. Amangokweza dzanja ngati wapolisi woimitsa basi." Kusekako kunathera m'misozi, ndipo Mai Sekai anawafunditsa nsalu yawo. Tinaibwezabweza pamalo omwewo mpaka mwini makiyi anati akufuna kutseka.

Kuyambira tsiku limenelo maso anga sali monga kale. Ndikamathyola m'mawa ndimaona ngati tonse tili mufilimu yako. Anzanga amatuluka m'chifunga mmodzimmodzi, woyamba dengu, kenako mapewa, mutu pomalizira. Madontho a mame amakhala pamasamba ngati akudikira wowajambula. Dzulo ndinadzipeza nditapanga kazenera ndi zala monga umachitira iwe, ndikuyang'aniramo phiri la kumalire, mpaka kapitawo anandifunsa ngati diso likundipweteka. Nthawi zina ndimaona munthu wamtali kutsogolo kwa mzere wanga, ndipo sindifulumira kuti ndimuzindikire. Ndimamusiya azipita.

Ndisakunamize, Onias atanena kuti ukubwerera, mtima wanga unakondwa. Kusamala makomo awiri n'kolemetsa, ndipo ndinaganiza kuti ukakhala pafupi ndipumako. Maganizo amenewo ndinalowa nawo muholo. Sindinatuluke nawo.

Amayi ndiye sanadikire n'komwe kuti tikambirane. Lolemba anavala duku lawo loyera, n'kuyenda okha mpaka kufakitale, mawondo ovuta aja. Anakapeza kapitawo amene Onias anamulankhula za ntchito yako, n'kumuuza kuti malowo apatse mwana wa munthu wina, wawo sakubwera, ali ndi ntchito imene sanaimalize. Anabwera akupumira m'mwamba, koma nkhope ili mbee.

Ndiye pempho lathu ndi ili, langa ndi lawo. Khala kusukulu. Imalize filimuyo. Za pakhomo pano tiziona ine ndi alamu ako, ndipo a kutchalitchi sanatitaye.

Pali chifukwa chinanso. Poti nkhondo yatha kwathu ndipo anthu ayamba kuwoloka malire kubwerera, Amayi akufuna chaka chamawa apite ku Angonia akapereke okha uthenga wa maliro kwa Bambo aakulu, a Nehemiya, ngati akadali moyo. Akufuna uwaperekeze, filimuyo ili m'manja. Ndinawafunsa kuti kumudziko mukaionetsera pati, kopanda magetsi. Anati kutauni ya Ulongwe sikungasowe munthu wa vidiyo. Ndinawauzanso zodandaula zako za nkhope. Anati a Nehemiya nkhope ya mng'ono wawo amaidziwa, anakula nayo. Chimene sakuchidziwa ndi mmene ankayendera atakula, mmene phewa lamanzere linatsikira ndi dengu, ndi dziko limene anakalambiramo. Akuti zimenezo ndi zimene iwe wagwira.

Kaseti ibwerera ndi Onias ulendo wake wotsatira. Amayi aikulunga m'nsalu yawo yatsopano, ndiye nsaluyo usaitaye.

Chomaliza ndi ichi, ndipo andiuza kuti ndilembe monga anenera. Onias anatchulanso kuti liwu lawo lija linakukhumudwitsa, akuti linalowerera mwangozi, ndipo ukanati uimalize ukanalichotsa n'kuikapo nyimbo. Amayi akuti ayi. Akuti nyimbo ukaike kwina kumene ukufuna, iwe ndiwe mwini ntchito, koma pamenepo pasiye pomwepo, jombo m'udzu ndi liwu lawo. Akuti pakhomo pano sangawaitanenso, ndiye uwalole aziwaitana m'menemo.

Mulungu akusunge, akupatse maso abwino ndi mtima wodekha. Uzivala juzi m'mawa. Upereke moni kwa Azakhali Marita ku Mbare ndi ana awo onse, uwauze kuti tikuthokoza pokusunga. A Kalebe akupereka moni, akuti filimu yachiwiri muzikhalako ndewu pang'ono. Ana akuti moni Malume.

Ndine mlongo wako wokukonda,
Luisa