Manyowa a ku Nazale pa Bwalo la Kiriketi

Bulawayo
8 Seputembala

Okondedwa achimwene a Morton,

Zinthu zitatu zithe kaye: manyowa achoke pa bwalo la kiriketi, kuthirira masana kulekeke, ndipo chingwe chimangidwe kuti otchola tiyi asamadutse pakati.

Ndikhulupirira muli bwino, ndiponso kuti mwendo wa amayi wasiya kutupa. Ine kuno ndilipo. Maphunziro anga a kasamalidwe ka mabwalo adzatha pa 30 mwezi uno.

Mlamu wanu Lestina wandiuza pafoni kuti mutaona kampata ka pakati pa bwalo kali gwa, udzu uli waufupi, munati mng'ono wanune ndimalima mwaulesi. Akuti munatuta mawilibala asanu a manyowa a ku nazale ya tiyi n'kuwazapo. Sindikukudzudzulani, ngakhale ndinangopempha kuti muzithirira. Ku nazale kwanuko nthaka yolimba ndi matenda. Pa kiriketi ndiyo ntchito yeniyeniyo, chifukwa mpira umafunika kunjanja. Kampatako ndinakapsinja miyezi inayi ndi makande a ku dambo la ku Kapichi.

Chotsani manyowawo ndi manja ndi tsache, osati khasu. Pomwe pakumbika ikanipo makande osefa, pang'ono chabe. Thirirani m'mawa, dikirani mpaka dothi lisiye kumata chala, kenaka yendetsanipo rola yopsinjira dothi. Lachisanu muziweruka dzuwa lisanalowe, Sabata lisaswedwe chifukwa cha ine. Bwalo la tenesi musalikhudze, ngakhale lioneke lanjala.

Masewera a makalabu ali pa 12 Okutobala. Ndisananyamuke, a manejala a esiteti anati oimbira masewera akadzalikana bwalolo, ntchito idzapita kwa kontirakitala wa ku Blantyre. Mukudziwa kuti nyumba imene amayi akukhalamo ndi ya ntchitoyo. Iwo musawauze.

Pempho langa ndi limodzi. Mukamaliza, tengani mpira wakale m'shedi, imirirani pakati pa kampatako, kwezani dzanja kupitirira mutu, muusiye ugwe wokha. Mundilembere pamene wafika ponjanja: pa kakolo, pa katumba kapena pa bondo. Yesani malo atatu. Musandiyankhe kuti zonse zili bwino, pakuti mawu amenewo sindingayeze nawo kanthu.

Moni kwa amayi, alamu anga a Joy ndi achemwali a ku Khwethemule. A Asumani a thiraki anyamuka pa Luchenza Lachiwiri kubwera kuno, yankho lisawatsalire.

Ndine mng'ono wanu,
Limbikani